Msoko wa Dzanja Lina

Ine ndine telala, ndipo msoko wanga ndimaudziwa ngakhale mutausakaniza ndi misoko ina zana. Choncho tsiku limene ndinatulutsa kansalu ka mankhwala m'chikwama cha amuna anga n'kuona timatumba take titasokedwa ndi dzanja lina, sindinachite kufunsa munthu. Msoko wanga umapendekera kumanja, ndipo mfundo ndimaibisa mkati. Uwu unkapendekera kumanzere, ulusi wake wophatikiza pawiri, mfundo ili poyera ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

Kansaluko ndinakapanga ndekha. Amuna anga ndi dalaivala wa thiraki. Amachoka milungu iwiri, n'kudzakhala pakhomo masiku atatu kapena anayi. Chaka chatha anamva kuthina pachifuwa akusintha tayala, anzawo n'kuthamangira nawo kuchipatala. Atawayeza, adokotala anati mafuta achuluka m'magazi, aja amati kolesterolo, ndipo akatseka mitsempha mtima suyamba wafunsa ngati mwini wake ali pachiwongolero. Anawalembera timapiritsi toyera, kamodzi tsiku lililonse, osadumphitsa.

Tsono amuna anga ndi munthu woti amafunafuna chipewa chili kumutu. Botolo loyamba la mankhwala analiiwala pasikelo ya mathiraki. Lachiwiri linatsegukira m'bokosi la masipanala, mapiritsi onse bii ndi girizi. Ndiye ndinatenga chidutswa cha jinzi n'kusoka timatumba khumi ndi tinayi tondondozana, kalikonse ka tsiku lake. M'kathumba kalikonse ndinkaikamo piritsi limodzi n'kutseka pakamwa pake ndi singano ya manja. Iwo ntchito yawo inali kungodula ulusi wa kathumba kamodzi m'mawa uliwonse. Akabwera kunyumba timatumba tonse tili yasa, ine mtima pansi. Nzeru imeneyi ndinkainyadira moti ndinkaiuza aliyense wobwera kudzayesa diresi, ngakhale amene sanafunse.

Ulendo umenewo thiraki inafa tsiku lachisanu, anachita kuikoka, ndiye anabwera timatumba tina tisanatsegulidwe. Iwo anali kubafa, akuimba. Ndinatenga sizasi n'kudula ulusi wa kathumba kamodzi. Munatuluka kapisozi wachikasu, wofewa, wonyezimira. Nditamuboola ndi singano, anatulutsa timafuta tonunkha nsomba. Ndinapapasa timatumba totsalato, monse munali zofewa zomwezo. Piritsi langa loyera munalibe ndi limodzi lomwe.

Munthu wanzeru akanagogoda pachitseko cha bafa n'kufunsa. Ine ndinadula kathumba kakumapeto konse, ndi msoko wake ndi kapisozi wake, n'kukabisa m'kachikwama kanga ka m'manja. Kansaluko ndinakabwezera momwe kanali. Ndinadziwa kuti sangawerenge timatumba.

M'mawa mwake anandipatsa okha kansaluko, timatumba tonse totsegula, ulusi wonse atausolola bwinobwino.

"Otsala aja ali kuti, bambo?" ndinafunsa ndikupukuta makapu, ngati nkhani yopanda ntchito.

"Ndabwezera m'botolo, mayi."

Atatuluka ndinakhuthulira botolo patebulo. Munali mapiritsi omwe ndinasiya, osaonjezekera ngakhale limodzi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri tili pabanja, bodza lawo ndinkalidziwa kuti limayamba ndi kukanda khutu. Ili analinena manja ali m'thumba, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa bodzalo.

Sabata yomweyo linafika tsiku lawo lokamva zotsatira za magazi, ndipo ndinawaperekeza. Adokotala anali mayi wachichepere, wamng'ono thupi, wa magalasi okhuthala. Anayang'ana pepala latsopano, n'kuyang'ana lakale, n'kugwedeza cholembera.

"Miyezi isanu, mafuta sanatsike. Akwerako pang'ono. Mankhwala mukumwa, bambo?"

"Tsiku lililonse. Funsani mayiwa, ndi amene amandilongedzera."

Adokotala anatembenukira kwa ine. Kathumba kaja kanali pamiyendo panga, m'kachikwama, ndipo ndikanangotsegula zipi nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma ndinene kuti chiyani? Kuti amuna anga ali ndi mkazi wina amene amamasula misoko yanga? Pamaso pa mwana woti ndingamubereke? Ndinangoti, "Ndimawalongedzera, adokotala." Silinali bodza, koma linali lachibale wake.

"Ndiye kuti mlingo wachepa," anatero adokotala. "Tiwapatsa amphamvu kuposa aja. Akamva kupweteka m'minofu abwere msanga. Ndipo pachifuwa pakathinanso, asadikire kuti afike kaye komwe akupita."

Tinatuluka ndi botolo latsopano, amuna anga akuimba mluzu.

Shopu yanga ili pamzere wa matelala, kuseri kwa ogulitsa nsapato. Woyandikana nane timamutcha Mai Zipi, chifukwa amaika mazipi bwino kuposa tonse koma pakamwa pake palibe amene anapaikapo. Ndinadziletsa mpaka masana, kenako ndinamuonetsa kathumbako. Anakatembenuza, anakayang'ana padzuwa, anakanda mfundo ija ndi chikhadabo.

"Wamanzere ameneyu," anatero. "Ndipo si mtsikana wa masiku ano, awa singano amaiona pa foni. Uyu ndi mayi wokhazikika, wa nyumba yake. Amakhala pansi, amamasula zako, amasoka zake, amuna ako ali gone pampando akudikira tiyi."

"Nanga kapisoziyu ndi wa chiyani?"

"Ukufunsa ine? Mwamuna wa zaka zimenezo, mkazi wam'njira angamupatse mankhwala a chiyani? A chifuwa?"

Anaseka mpaka makina ake anaima. Ine sindinaseke. Tsiku limenelo ndinasoka mkono wa malaya a kasitomala chagada, ndinachita kumasula kawiri.

Poweruka ndinadzera kufamase ya pakona. Wogulitsa wake ndi bambo wodekha, wa imvi m'mbali, amene amalankhula ngati akuwerenga kalata. Ananunkhiza kapisozi uja n'kutsitsa botolo lalikulu pashelefu, la chithunzi cha mtima wofiira.

"Ndi a mtundu uwu. Mafuta a nsomba, ena amasakanizako adyo. Awa amati oonjezera pa chakudya. Anthu amagula akamva kuti mafuta achuluka m'magazi."

"Si a mphamvu za abambo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ayi, mayi."

"Ndiye amagwira ntchito?"

"Ena amawathandizako pang'ono, malinga ndi vuto lawo, ndipo adokotala ndi amene angauze munthu ngati akuyenera kumwa. Koma kuti munthu asiye mapiritsi a kuchipatala n'kudalira awa okha, ine sindingamulangize. Alipo wasiya?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Ndinatuluka ndili wopsa mtima kuposa mmene ndinalowera. Akanakhala a mphamvu za abambo ndikanati ndi wongodutsa. Koma mkazi wodziwa za magazi a amuna anga, amene anamuuza zimene adokotala ananena, wofika pogula botolo la mtima wofiira, ameneyo ndiye kuti wakhazikika. Mawu a bambo wa kufamase onena za kusiya mapiritsi ndinawamva ndithu, koma analowa khutu ili n'kutulukira linali. M'mutu mwanga munali nkhope ya mkazi amene ndinali ndisanamuone. Ndinamupatsa milomo yopyapyala ndi wigi yofiira.

Masiku amene thiraki inali kugalaja ndinakhala wapolisi m'nyumba mwanga momwe. Ndinafufuza foni yawo ali kubafa, ndinangopezamo mabwana, amakanika ndi mavidiyo a ngozi za pamsewu. Ndinanunkhiza makolala. Ndinapisa m'matumba a jekete, ndinapeza zotokosera m'mano ndi bawuti. Kusapeza kanthu sikunanditonthoze, ndinangoti munthuyu wachenjera. Piritsi la m'mawa ndinkawapatsa ndekha n'kuima pomwepo mpaka ameze, iwo n'kumati, "Kodi mayi, ndalakwanji?" Ine, "Palibe, imwani madzi."

Thiraki itachira ndinasoka kansalu katsopano, ndinaikamo mapiritsi amphamvu aja khumi ndi anayi, n'kutseka ndi msoko wanga. Amuna anga ankanyamuka kudepoti ya mathiraki teni koloko m'mawa, koma pakhomo ankachoka seveni, ati mapepala amachedwa. Kwa miyezi yonseyi zimenezi ndinkangozimeza. Tsiku limenelo atangokhota pakona ndinavala nsapato zafulati n'kuwatsatira.

Kutsatira mwamuna wako pamsewu ndi ntchito yochotsa ulemu. Ndinabisala kuseri kwa galimoto ya buledi. Ndinanamizira kuyang'ana mapoto pashopu yosatsegula. Iwo ankangoyenda, chikwama paphewa, osacheuka. Anadutsa siteji ya minibasi, anaoloka njanji, analowa kanjira ka pakati pa nyumba zakale za kampani ya njanji, n'kugogoda pachitseko chobiriwira chimene ndimachidziwa ngati changa. Kunali kwa apongozi anga, mayi awo.

Manyazi anandigwira nditaima kuseri kwa thanki ya madzi. Mwana wopita kutali akutsanzika mayi ake, ine ndikumuzonda ngati wakuba nkhuku. Anakhalamo ola lathunthu ndi theka. Atatuluka ndinawatsatirabe mpaka kudepoti, ndinaima kutsidya kwa msewu mpaka thiraki inatuluka pageti. Kutsogolo anali okha. Ndiye kuti mkaziyo ali m'njira, ndinatero mumtima, m'tauni ina komwe ine sindingafike.

Apa mphamvu zinandithera. Ndinafuna munthu woti akhale mbali yanga, ndipo ndinaganiza za apongozi. Ndi mayi wosalankhulalankhula, anagwira ntchito yochapa zovala m'hotela mpaka manja anachita makwinya ngati pepala lonyowa. Sitinayambanepo. Ndinati mwana wawo akamva mawu kuchokera kwa iwo, mwina adzachita manyazi.

Ndinawapeza akutsuka makapu awiri. Anandipatsa mpando wa pawindo, anatereka madzi ena. Moni tinapatsana wautali monga mwa masiku onse, za miyendo yawo, za ana kusukulu. Kenako ndinalephera kupirira.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yoipa. Mwana wanu ali ndi mkazi wina."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mwamuona, apongozi?"

"Sindinamuone, koma dzanja lake ndaliona." Ndinatulutsa kathumba kaja n'kukaika patebulo. Ndinafotokoza zonse, za mapiritsi oyera, za makapisozi, za bodza la botolo. Mkwiyo wa masiku onse aja unapeza potulukira. "Taonani kasokedwe kake. Munthu wamkulu n'kusoka chonchi? Mzere wokhota ngati njira ya woledzera, mfundo panja. Akanakhala wophunzira wanga ndikanamubweza kwawo. Kulanda mwamuna alande, koma singano aisiye."

Apongozi anatola kathumbako n'kukayandikiza kumaso. Madzi ankawira pambaula, iwo osawasamala.

"Msokowu si woipa," anatero motsitsa. "Maso ndi amene atha. Kale ndinkasoka mowongoka."

Sindinamve msanga. Ndinawayang'ana pakamwa, kenako m'manja. Kathumbako anakagwira ndi dzanja lamanja, chala cha kumanzere chikuyenda pamsoko monga chimayendera chala cha mwini wake. Apongozi amadya ndi lamanja, amapereka moni ndi lamanja. Zaka zonsezi chilichonse chong'ambika m'nyumba mwawo ndinkasoka ndine, moti ndinali ndisanawaonepo atagwira singano.

Anadzuka, analowa kuchipinda, anabwera ndi chitini cha mabisiketi ndi botolo la mtima wofiira. Atatsegula chitinicho ndinaona mapiritsi oyera ali mbwee, ngati mikanda yoduka. Pamwamba panali khumi ndi anayi aakuluko, amene ndinawasokera ndekha dzulo lake.

"Amayi, mwachitiranji zimenezi?"

"Mkulu wake ankamwa omwewa."

Ankanena alamu anga, mwana wawo woyamba, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Anagwa pabwalo la sukulu imene ankaphunzitsa, mtima utaima, ndipo pofika naye kuchipatala anali atapita kale.

"Mkazi wake atachoka anabwerera muno," anapitiriza apongozi. "Mankhwala ankakana, ati amamulemetsa miyendo. Ine ndiye ndinkamukakamiza. M'mawa uliwonse ndinkaima pamene mwakhalapo, kapu ya madzi m'manja, mpaka ameze. Tsiku limene anagwa ndinamupatsa ndine. Anandiuza kuti amayi lero ndisamwe, ine ndinati imwa."

"Koma amayi, adokotala anati alamu anachedwa kuyamba mankhwala. Mitsempha inali itatsekeka kale. Si mapiritsi anawapha."

"Ananena, ndinamva. Koma adokotalawo sanali muno m'mawa umenewo." Anasisita chivindikiro cha chitini. "Ndiye uyu atabwera n'kundionetsa kansalu kanu, akunyadira kuti taonani nzeru za mkazi wanga, ndinatsegula kathumba kamodzi. Nditaona kapiritsiko ndinakazindikira pomwepo. Mayi wina amene tinkachapa naye kuhotela amagulitsa awa achikasuwa. Anati ndi achilengedwe, amatsuka magazi, sapha munthu."

"Nanga oyerawa mumasungiranji? Bwanji osataya?"

"Ndimati nditaye, dzanja limakana. Ndimati mwina wolakwa ndine."

Ndinali nditabwera ndi mawu ambiri okonzera mkazi wa wigi yofiira, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe loti ndingawauze mayi awa. Mkwiyo unalipo, koma unasowa pogwera. Umene unatsala unali wa kwa ine ndemwe. Ndinakhala pamaso pa adokotala umboni uli pamiyendo, osanena. Ndinaima kutsidya kwa msewu n'kuonerera munthu wa mtima wodwala akutuluka pageti ndi thiraki yodzaza katundu, ine maso ali pampando wa pambali pake kufuna kuona ngati pakhala mkazi. Ndinachita mantha amene ndinayenera kuchita masiku khumi apitawo.

Ndinawauza apongozi zimene adokotala anapeza, kuti mafuta akwera, kuti pachifuwa pakhoza kuthinanso. Ndinatulutsa foni, ndinaimbira amuna anga, n'kuiika patebulo pakati pathu kuti tonse timve. Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka phokoso la injini ndi mawu awo.

"Mayi, ndili pamzere wa sikelo. Kwagwanji?"

"Ndili kwa amayi. Chitini chili patebulo pano."

Ndinayembekeza kuti afunsa kuti chitini chanji. Sanafunse.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndimakhala pampando womwewo akamasoka."

"Miyezi isanu, bambo. Mukubwera kunyumba n'kumandionetsa timatumba totsegula. Mukunamiza adokotala, mboni yanu n'kukhala ine."

"Ulendo woyamba ndinakana," anatero. "Amayi sanakalipe. Anangondigwira malaya pakhomo, osalankhula, osandisiya. Munayamba mwawaonapo amayi akugwira munthu malaya? Ndinati ndiwalole kamodzi kokha. Kenako ndinasowa pouyambira, kwa iwo ngakhale kwa inu. Ndimati masiku amene ndili kunyumba ndimamwa anu, kunjira ndimamwa awo, mwina zikukumana pakati."

"Sizikukumana. Pepala lija munaliona."

"Ndinaliona."

"Pachifuwa pali bwanji? Musandinamize."

"Dzana panathina pang'ono. Panasiya."

Apongozi anatseka maso. Dzana anali kunyumba, ine ndili kalikiliki kununkhiza makolala.

"Mukadutsa sikelo muimike thiraki pambali," ndinatero. "Muwaimbire abwana anu atumize dalaivala wina. Ndikubwera pa minibasi, tibwerere limodzi kuchipatala lero lomwe. Adokotala tikawauza zonse, ndi botolo lachikasuli tikawaonetsa, anene okha ngati lili ndi malo. Mankhwala amphamvu aja anakulemberani poganiza kuti akale munkamwa."

"Katunduyu ndi wofulumira, mayi. Abwana sangamve."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma apongozi anandigwira mkono. Anaweramira pafoni ngati akulankhula ndi munthu ali m'dzenje.

"Iwe. Imika galimotoyo. Umve zimene akunena akazi ako."

"Amayi..."

"Ndati imika."

Anati aimika. Foni inaduka. Madzi aja anali ataphwera pambaula, ndinadzuka n'kuchotsa ketulo. Apongozi anatseka chitini, anachikulunga m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi botolo lija, anamanga mfundo ziwiri.

"Tiyeni tipitire limodzi, amayi," ndinatero. "Mukamve nokha kwa adokotala. Mukafunse za alamu zonse zimene simunafunse."

Anapukusa mutu. Anandiperekeza mpaka pakhomo, phukusi lili m'manja mwawo, ndipo ndinaona kuti akulimbana nalo kulipereka. Potsiriza analiika m'manja mwanga n'kuchotsa awo msanga.

"Akanena kuti amwe oyerawo, amwe," anatero. "Koma uzimupatsa ndiwe, mwanangu. Ine ndinapatsapo kale mmodzi."